Mlendo Akupita, Bedi Likubwerera

Lolemba
Masiku asanu okha! Loweruka a Greta, dokotala wa ku Jeremani uja anabwera kudzathandiza pachipatala pathu, akukwera ndege. Miyezi isanu ndi umodzi akugona kuchipinda kwanga, pamatiresi anga atsopano, ine mzamba wamkulu ndili pamphasa pabalaza. Munthu wabwino ndithu. Koma amati mlendo ndi mame, ndipo mame awa achedwa kukamuka. Dongosolo langa: kutsanzikana mwachidule, kuwaperekeza, kugona tsiku lonse.

Lachiwiri
Mbiri yafika m'midzi. Amayi omwe tinawathandiza pobereka ayamba kubwera: dengu la mtedza, maungu anayi, nkhuku. A Greta akufuna kukana, akuti pandege salola. Ndikuwalangiza: "Kuno mphatso sakana, ndipo mbale siibwerera yopanda kanthu." Alemba m'kabuku kawo. Munthuyu chilichonse amalemba.

Lachitatu
Pakamwa pangapa! Aliyense wobwera ndi kanthu akubwerera ndi kanthu. Zapita: tochi, ambulera, nsapato, wailesi. Zabwera: nkhuku zina zitatu, nzimbe, mtondo. Mtondo ukakwera ndege?

Lachinayi
Mwambo wotsanzikana pansi pa mtengo wa mango. Ndinati theka la ola. Olankhula khumi ndi mmodzi, aliyense akuyamba ndi "Sinditalikitsa." Kenako Mayi Nabanda a ku Nsaru, omwe mdzukulu wawo anachira malungo, atulukira akukoka mbuzi. A Greta akulira. Akundinong'oneza kuti zopatsa zawathera, m'sutikesi mwatsala pasipoti ndi mswachi. Ndati asadandaule, aona okha chochita.

Lachisanu
Pochokera kuntchito ndakumana ndi njinga, kumbuyo atamangirira matiresi. Ndapereka moni mwaulemu. Mumtima ndikuti ofanana ndi anga bwanji. Kunyumba a Greta akumwetulira mpaka m'makutu: "Amayi a mbuzi aja msana umawavuta. Ndachita bwino, eti?" Iwo amayesa matiresiwo ndi a chipatala! Ndakwiya koopsa. Ndayankha kuti achita bwino kwambiri. Ndikanati chiyani? Mphunzitsi wake ndine.

Loweruka
Galimoto yafika. Atenga mtedza wodzaza kapu, zina zonse andisiyira. Akundikumbatira, akuti ndine mayi wawo wa ku Malawi. Ndalira zenizeni, misozi ina ya iwo, ina ya matiresi. Ndaima pamsewu mpaka fumbi litatha, kuopa angabwerere.

Lamulungu
Ndinaganiza zotuma munthu ku Nsaru akafotokoze bwinobwino. Koma Mayi Nabanda abwera okha kutchalitchi kwathu, aimirira kuthokoza Mulungu, akuti masiku awiri agona ngati khanda. Mpingo wonse: "Ameni!" Inenso Ameni. Zatha basi.

Ndayala mphasa pamatabwa a bedi, ndatseka chitseko. Zii. Palibe wondifunsa dzina la chilichonse. Matabwa ndi olimba, koma chipinda ndi changa.