Ndikupempha Kope la Malemu Akazi Anga

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Nthambi Yoona za Alendo Odzaona Malo.

Bwana,

Pepani kuti ndakulemberani m'chinenero chimene munachiletsa pa zenera lanu la ku mathithi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo Chingerezi chimene ndinatolako chathera pa zenera lomwelo.

Ine ndine telala. Akazi anga anakugwirirani ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuperekeza alendo ku mathithi, kenaka miyezi isanu ndi iwiri akusesa poimika magalimoto. Tinawaika m'manda chaka chatha. Ndikupempha kope lawo la chikuto chobiriwira, limene linatsala m'kabati yawo ya kuntchito. Koma munthu woleredwa bwino sayamba ndi kupempha, ndiye ndiyambe ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha khadi lija lokutidwa ndi pulasitiki, la mafunso khumi ndi awiri ndi mayankho ake m'Chingerezi. Munalamula kuti woperekeza alendo aliyense aliloweze pamtima, osachotsapo, osawonjezerapo, ngati malamulo a Mose, kungoti anu aposa ndi awiri. Tsopano mlendo amauzidwa bwinobwino kutalika kwa mathithi, kumene kuli chimbudzi, ndi nthawi yotseka geti. Malemu analibe nzeru zotere. Iwo ankangodziwa mwala woterera, mtengo wokhala njuchi, ndi mtundu wa madzi mtsinje ukafuna kudzaza. Mlendo akalowera koipa ankamugwira pachigongono, namulozera ndi ndodo. Zaka zonsezo palibe amene anagwa, koma ndikuvomereza kuti ambiri anabwerera kwawo osadziwa kuti mathithiwo ndi mamita angati. Wojambula zithunzi wa pageti wandiuza kuti mwezi watha woperekeza wanu watsopano anaimika mayi wina pansi pa mtengo wa njuchi uja kuti amulakatulire yankho lachitatu. Mayiyo anatsika nkhope itatupa ngati mpira, koma mamita akuwadziwa. Chitukuko n'chimenechi, bwana.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayeso. Munatumiza abambo atatu a masuti, amene anaika mpando wopanda munthu pakati pa chipinda, nauza akazi anga kuti mpandowo ndi mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, aulonjere m'Chingerezi ndi kuufotokozera za mathithi. Mayi a ana anga anauyang'ana mpando uja, naseka. Anandiuza kunyumba kuti anayesetsa kudzigwira, koma mpandowo unali wothyoka mwendo, ndipo iwo sakanalola mlendo wotero kukwera phiri. Analephera mayeso, inu n'kuwapatsa tsache. Sindikunena kuti tsache ndilo linawapha. Adokotala anatchula matenda ena. Ndikungonena kuti kuyambira tsiku limenelo anasiya kundisimbira za kuntchito, ndipo ine, pokhala munthu wosayankhulayankhula, sindinawafunse.

Anagwa ali pantchito, tsache lili m'manja, ndipo kuchokera pamenepo anapita nawo kuchipatala. Kumeneko, mawu akutuluka movutikira, anandiuza kuti ndikatenge kope lawo ndi kutsegula kumapeto. Maliro atatha ndinapita kukatenga katundu wawo. Anandipatsa ndodo, ambulera ndi nsapato za mphira. Kope akuti linatumizidwa kwa inu kuti likamasuliridwe m'Chingerezi, popeza muli zinthu zothandiza alendo. Ndinadabwa kumva kuti munthu wolephera kulonjera mpando angalembe zoti ofesi yanu n'kuzifuna.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha zenera lofunsirapo. Pamwamba pake munakhoma chikwangwani choti pamenepo munthu afunse ndi kuyankhidwa m'Chingerezi chokha, kuti alendo aone kuti ndife otsogola. Kalaliki wa pamenepo ndi mwana wa aneba athu. Akazi anga ankamubereka kumsana amake akapita kumsika, ndipo tikakumana panjira amanditchula kuti malume. Pa zenera sangatero, chifukwa kapitawo wanu amakhala kumbuyo kwake, cholembera chili m'manja. Ulendo woyamba ndinafunsa m'Chichewa, mwanayo anandilozera chikwangwani, maso ali pansi. Ndinabwerera kunyumba, ndinafukula dikishonale yakale, ndinalemba funso langa pa pepala lodulira malaya, ndipo ndinaliloweza sabata yathunthu ndikupalasa makina. Ulendo wachiwiri ndinalinena lonse osaphonya liwu. Mwanayo analimva bwinobwino. Koma funso langa pa khadi palibe. Anandipatsa yankho loyandikira, lonena za kumene alendo angagule mabuku a zithunzi, nandipatsanso mapu aulere. Ndapitako kasanu. Ndili ndi mapu anayi a njira imene ndinkawaperekezapo akazi anga m'mawa uliwonse mvula ikamagwa. Chonde mwanayo musamudzudzule. Wachita ndendende zimene munamuphunzitsa.

Chachinayi ndi komiti yomasulira, imene ndamva kuti ili ndi anthu asanu ndi awiri. Paja mutu umodzi susenza denga. Papita chaka chathunthu osamaliza kope la masamba makumi anayi, ndiye kuti akugwira ntchito mosamala kwambiri. Mwina chikuwavuta ndi kalembedwe ka malemu, pakuti ankalemba ndi pensulo, atatsamiritsa kope pabondo. Akafuna thandizo, ine ndimakawerenga bwino. Ndakhala ndikuwerenga timapepala tawo ta pamwamba pa kabati kuyambira tili achinyamata.

Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, bwana, koma anga maso ayamba kuchita chifunga, ndipo ulusi ndikumaulowetsa mu singano mongopapasa. Sindikudziwa kuti chaka chamawa pensulo ndidzaionabe.

Tsono pempho langa ndalichepetsa kuti lisakulemereni. Kope lonse sungani. Za miyala, za njuchi ndi za madzi zikhale zanu, ndipo mukadzazimasulira mudzalembepo dzina lanu, malemu sadzadandaula. Ine mungondithotholera tsamba lomaliza. Sindikudziwa zimene analembapo. Mwina ndi malangizo a mankhwala anga, mwina akundikalipira chifukwa cha denga la khitchini limene sindinakonze, mwina ndi zija sindinawafunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsambalo silikhudza mlendo aliyense. Mulipinde, mulisiye pa zenera paja, ndidzabwera Lachinayi. Sindidzayankhula chinenero chilichonse, kuti ndisaphwanye lamulo lanu. Ndidzangotambasula dzanja.

Tsamba limenelo komiti isavutike nalo. Amene anamulembera amamva Chichewa.

Ine wanu wodzichepetsa kuposa tsache lija,

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo,
mwamuna wa malemu wosesa wanu.