Batire Lomwe Ndinayanika pa Malata

Sekani, achinyamata inu, koma amene akuti ndikunama abwere aone dzino langa lobenthukali! Ndine amene ndinapulumutsa Ndirande yense, ndipo mpaka lero palibe wandigulira ngakhale tiyi.

Linali Lachiwiri, kapena Loweruka, kaya, koma magetsi anali atathima masiku atatu, foni yanga itazima, pomwe mwana wanga Esitere wa ku Joni anali woyembekezera, masiku atakwana, ndipo anali atanena kuti adzaimba kuti ine nditche khandalo dzina. Ndiye ndinachita zomwe tinkachita ndi mabatire a wailesi kale: ndinatulutsa batire, kuliluma, kuligogoda ndi mwala, n'kuliyanika pa malata dzuwa lili paliwombo.

Mukumva? Linayamba kutupa, linafika ngati buledi, kenako ngati pilo, kenako ngati thumba la makala, denga likupindika, nkhunda za a Fulaye oyandikana nane zikugwa kuchokera m'mwamba zitapsa kale, ndipo ine ndinalisenza pamutu imvi zikununkha, n'kuthamanga nalo kudutsa mumsika, maminibasi akupatuka, amayi a tomato akugwada, mpaka pamwamba pa phiri pomwe ndinalikwirira, ndipo litaphulika kunawala mpaka ku Machinjiri, mafoni onse a kumeneko anadzaza okha! Kapena kunali ku Chilomoni. Mbali yomweyo.

Chomwe sindimvetsa n'chakuti bambo wokonza mafoni ku Chirimba, m'malo mondithokoza, anandikalipira ngati mwana. "Madala, batire la foni saluma, sagogoda, sayanika padzuwa. Likatupa muzilichotsa, kuliika kutali ndi moto, n'kubwera nalo kuno. Mukanapsera m'nyumba inu!"

Nanga la wailesi linkadzuka bwanji? Si mabatire onsewa? Kapena dzuwa ndi lomwe linasintha? 

Chabwino, mwina kuphiriko sindinafike. Mwina ndinangolikankha ndi ndodo likufuka utsi, n'kuligwetsera m'ngalande. Koma ichi chokha ndikulumbira: Esitere anaimba tsiku lomwelo, yanga ili zii, ndiye anaimbira a Fulaye kuti andiitane. Iwo akuti anandifuna osandipeza, chonsecho ndinali padenga pamaso pawo. Dzina anapereka okha. Lero mdzukulu wanga woyamba wamwamuna akukwawa ku Joni akuitanidwa Fulaye, dzina la munthu amene anandibera mapazi atatu a poloti.