Mathirela Awiri Pakhonde Pathu

Amene akufuna kutsutsa atsutsiretu panopa ndisanayambe, chifukwa ndikangoyamba sindiima, ndipo iwe Memory ndakuona kale ukukwinya nkhope ngati waluma bwemba, koma pepalali uliwerenga mpaka pansi, ukatha ulipereke kwa ena onse a mu Fomu 2. Nkhani ndi iyi: ine Takondwa, mwana wa kwa Msakambewa, amene chibadwire sindinapitirirepo pa Mponela, holide ino ndikupita ku Lilongwe pa thiraki, nditakhala kutsogolo. Mukumva? Kutsogolo. Ndipo sindinachite kupempha ayi, ndinachita kuwina.

Amalume anga mumawadziwa, achimwene awo a amayi, aja oyendetsa mathiraki, amene makiyi sachoka pa lamba ngakhale akupita kukasamba. Sabata yatha anabwera kumudzi ndi laputopu yokhala ndi gemu ya mathiraki, akuti akuphunzirirapo kukoka mathirela awiri chifukwa kuntchito kwawo akufuna kuwapatsa thiraki yaitali. Mu gemumo umayamba ndi mutu wa thiraki wokhawokha, mathirela ataima paokha. Umabwerera m'mbuyo n'kukola yoyamba, umabwereranso nayo n'kukola yachiwiri, umapita kokatula katundu, ukafika umamasula imodziimodzi osagwetsa kanthu. Amalume anakhala pakhonde masiku atatu. Yoyamba ankaikola bwinobwino, koma akati abwerere ku yachiwiri, thirela ija inkapindika ngati chigongono n'kubwera kudzawasuzumira pawindo.

Loweruka masana ndinawaseka. Sindinafune, kuseka kunangotuluka kokha ndikudutsa ndi mtolo wa fodya pamutu.

"Nabanda, ukuseka chiyani?" anandifunsa.

"Mukukhotera kolakwika, amalume."

"Iwe? Munthu wongodziwa michira ya ng'ombe?" Anaimirira n'kundilozera mpando. "Khala apa. Ukakola onse awiri, n'kukawamasula osagwetsa, holide ino ukwera nane kutsogolo popita ndi mabelo a fodya ku okushoni ku Lilongwe. Ukalephera, holide yonse uli m'chigafa kusoka fodya, wa bambo ako ndi wanga yemwe, ndipo laputopu iyi usadzaiyang'anenso ngakhale ndi diso limodzi."

Amayi anali chapatali pamkeka akusankha nyemba. "Zachibwana zimenezo, achimwene," anatero. "Mwanayo ali ndi ntchito." Ndipo anatembenuka n'kutipatsa msana kuti tione kuti zilibe nawo kanthu. Msana umenewo muukumbukire.

Chimene amalume anaiwala n'chakuti kwathu kulibe mwana wamwamuna, ndiye kuyambira Sitandade 5 amene amamanga ng'ombe zathu, Bulaki ndi Kapiteni, pa goli ndine, ndipo kanjira kolowera ku chigafa chathu n'kopapatiza, ngolo imalowa chobwerera basi. Aliyense amene anabwezapo ngolo amadziwa kuti ukafuna kuti kumbuyo kwake kupite uku, mitu ya ng'ombe umaikankhira uko. Amalume ankakhotera kumene mtima wawo ukufuna. Ngolo siyendera mtima wa munthu.

Ndinakhala pampando, anandionetsa mabatani anayi oyendetsera, ndinaliza injini. Anzanga, mkokomo wake! Nkhuku zathu zonse zinaikira mazira nthawi imodzi, ngakhale tambala anaikira limodzi laling'ono n'kukalibisa kuseri kwa nkhokwe chifukwa cha manyazi, ndipo utsi umene unatuluka m'mbali mwa laputopu unalowa m'chigafa n'kuumitsa fodya yense amene tinapachika m'mawa womwewo, mpaka bambo pobwera kudimba anagwira tsamba n'kufunsa ngati anagona mwezi wathunthu osadziwa. Amalume akuti laputopuyo imangotentha ikakhala pamtsamiro. Iwo anene zawo.

Ndinayang'ana pagalasi kuti ndione mathirela anga, ndipo apa ndi pamene ena a inu muyambe kugwedeza mitu, koma ndikulumbira pa yunifolomu yanga yatsopano: yoyamba inali yaitali kuchokera pakhonde pathu kukafika ku Nachisaka, ndipo yachiwiri inaima kutali kwambiri kotero kuti kumene inaliko kunali kudakali Lachisanu, ndinaona ndi maso angawa ana akuweruka kusukulu m'mbali mwake. Katundu wake anali mabelo onse a fodya a m'Dowa muno, a ku Ntchisi pamwamba pake, ndi kaphiri kamodzi kamene okweza katundu anakanyamula molakwitsa, mbuzi zikadali pamwamba pake zikudya.

Ndinabwerera pang'onopang'ono, mutu wa thiraki unalowa pansi pa thirela yoyamba, pini inagwira kuti khaa, ndipo kulira kwake kunadumpha mapiri onse kukafika ku Ntchisi, kumene anthu anayesa belu la tchalitchi, amayi a chigwirizano anavala zoyera n'kuthamanga, akuluampingo anafika mataye ali m'manja, anaimba nyimbo ziwiri zathunthu asanazindikire kuti ndi Loweruka. Ine osatekeseka. Ndinalumikiza mapaipi a mpweya, ndinakweza miyendo ya thirela, ija imaimirapo ikakhala yokha, ndinapukuta manja pa siketi.

"Imeneyo ngakhale mwana wa ku mkaka angakole," anatero amalume. "Tiye ku yachiwiri."

Apa ndiye panali ntchito. Ndinatsinzina diso limodzi ngati mmene ndimachitira pakhomo la chigafa, ndinakhotetsa chiwongolero kumene amalume sakanayerekeza, iwo n'kuyamba kuti "ayi, ayi, uku," ine pakamwa panga pakungotuluka mawu a masiku onse, "Baki, Bulaki, baki, pang'ono, Kapiteni usathamange," ndipo mukhulupirire musakhulupirire, ng'ombe zenizeni m'khola zinamva n'kuyamba kuyenda chobwerera, zinauza za oyandikana nafe, izo zinauza zinzake, mpaka ng'ombe zonse kuchokera kwathu kukafika ku Nachisaka zinali pa rivesi, ndipo bambo wina amene anali atatsala pang'ono kufika kuchigayo ndi ngolo yake anangozindikira ali pakhomo pake, mkazi wake akumufunsa kuti ufa uli kuti. Mukumva? Thirela yoyamba inawongoka ngati ndodo ya ahedi, inapita yokha kukapsompsona inzake, khaa, ndipo ku Ntchisi kuja anthu amene anali atangofika kumene m'makomo anatembenukanso.

Amalume anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, anachivalanso.

Za ulendo sindichulukitsa. Misewu ya mu gemumo ndi ya kunja, yopanda maenje, yopanda mbuzi, yopanda ngakhale munthu mmodzi wogulitsa mbatata, moti ndinkangoimba hutala chifukwa cha chisoni. Pokhota pena ndinakumana ndi thirela yanga yomwe yachiwiri ikubwera kutsogolo kwanga, ndinaipatsa mpata, tinapatsana moni. Ndinakwera phiri lalitali mpaka ndinachita kupempha mwezi kuti usendeze mwendo. Ndipo pamwamba pa phiri limenelo, pamalo otsetsereka, m'munsi mwake muli mtsinje, ndi pamene panali potula katundu.

Tsopano kumasula kuli ndi dongosolo lake, ndipo amalume analitchula kawiri konse ndisanayambe: buleki yoimikira, miyendo, mapaipi, pini, kuyambira thirela yakumbuyo. Ndinamva. Koma ine ndinali nditafika kale ku Lilongwe mumtima, ndikusankha nsapato zoti ndivale, ndipo china n'chakuti ngolo ilibe buleki, zaka zonsezi palibe tsiku limene dzanja langa linafunapo buleki. Ndinangoima n'kuyamba kufufuza batani la miyendo.

Mitengo ya pagalasi inayamba kuyenda. Ndinati mwina ndi mphepo. Kenako nyumba nazo zinayamba kuyenda.

Anzanga, thiraki yonse, mutu ndi mathirela awiri ndi mabelo ndi kaphiri ndi mbuzi zake, inali ikutsetsereka chobwerera, ndipo inathamanga, inathamanga, mpaka inaposa nthawi yeniyeniyo n'kuyamba kuibweza m'mbuyo: fodya wa m'chigafa anabiriwiranso, mazira aja anabwerera m'nkhuku, tambala anapuma, chimanga cha m'minda chinafupika n'kulowa pansi, ahedi athu amene anali kudutsa panjinga tsitsi linawamerera pa dazi lonse mpaka anaima kuti agule chipeso, ndipo anthu ena amene ankapita ndi wodwala panjinga ku chipatala cha Mtengowanthenga anangoona wodwalayo wabwerera ku tsiku limene anali asanadwale, watsika pa kaliyala, wawakweza iwowo n'kuwapalasa kubwerera kwawo. Ine ndikudina chilichonse. Magetsi anayaka, zopukutira galasi zinayamba kuvina, wailesi inayamba kuyankhula chizungu, koma batani la buleki yoimikira, limene amalume sanandionetse, linandibisalira ngati yankho la masamu a pa mayeso, ndipo mtsinje uja unali ukukula pagalasi, ndipo m'madzimo sindinkaona madzi ayi, ndinkaona chigafa, singano, ndi fodya wa anthu awiri.

"Amalume, buleki ili pati?"

"Ine manja anga ali m'thumba, Nabanda," anatero akumwetulira. "Tinapangana."

Ndiye pakamwa panga panachita zimene pamachita ngolo ikayamba kubwerera pa chitunda cha kudambo. Ndinakuwa kuti, "Mwala! Ikani mwala!"

Uja msana ndinati muukumbukire? Sunalinso pamkeka. Amayi, amene zinalibe nawo kanthu, anali ataima kumbuyo kwanga kuyambira pa thirela yachiwiri, nyemba zili mbwee pabwalo nkhuku zikuchita phwando, ndipo nditangokuwa anachita zimene mayi aliyense wa m'mapiri muno amachita asanaganize: anatola mwala uja timatsekerezera chitseko, anafunafuna tayala, anaona kuti tayalalo lili m'galasi la laputopu, ndiye anauika pansi pake penipeni, pa mabatani, kuti dii.

Thiraki inaima. Inaima mwamphamvu moti nthawi inagubuduka kubwerera pamalo pake, chimanga chinatumphuka ndi ngaiyaye zake, tsitsi la ahedi linagwa lonse pamsewu chipeso chili m'manja, ndipo tayala lomaliza la thirela yachiwiri linatsala kuti likhudze madzi ndi mpata woti nyerere ingadutse chopendekera. Ndinakwezanso thiraki pamwamba, ndipo ulendo uno ndinachita mwadongosolo: ndinaimika, ndinatsitsa miyendo, ndinachotsa mapaipi, ndinamasula pini, yakumbuyo inakhala phee, ndinasendera patsogolo, ndinachitanso chimodzimodzi, yoyamba nayo phee. Palibe belo limene linagwa. Mbuzi zija sizinasiye n'komwe kudya.

Apa ndikanatha kulekeza, ndipo Memory ukanangondichitira nsanje basi, koma ndine mwana wa Sande sukulu, ndinena zonse. Thiraki itangoima paja, amalume ananyamula mwala uja mofulumira kuti aone ngati laputopu yawo ili moyo, ndipo pansi pake panali batani lalitali la m'munsi mwa mabatani onse. Limenelo ndiye buleki yoimikira. Ndi mmene ndinalidziwira.

"Ndiye kuti thirakiyi waimitsa si iwe," anatero amalume zonse zitatha.

"Munati ndikole ndi kumasula. Za mwala simunaletse."

Anakanda m'mutu, anayang'ana amayi kuti awathandize. Amayi anali akupukuta mwala wawo ndi nsonga ya chitenje.

"Mwanayu wawina, achimwene, musamubere," anatero. "Koma mwanena nokha kuti woimitsa thiraki si iye. Kutsogoloko kuli mipando ingati?"

"Naphiri, si inu munati n'zachibwana?" amalume anawafunsa.

"Ndinatero. Mipando ingati?"

Ndiye ukatiwona tikudutsa pa Mponela, usadabwe kuti amene watulutsa chigongono pawindo ndi amayi, atavala duku lawo la ku ukwati. Ine ndili pakati, pafupi ndi giya, pamene amalume amaika botolo la madzi. Koma pakati pa kutsogolo ndi kutsogolo ndithu, ndipo singano ya fodya holide ino sindiigwira. Amalume kuyambira Lamulungu madzulo ali ku chigafa ndi Bulaki ndi Kapiteni, akuphunzira kubweza ngolo, ndipo dzulo anagwetsa nsanamira imodzi yokha.

Mwala tikupita nawo. Amayi akuti sakwera chinthu chachitali choncho m'mapiri muno popanda mwala, ndipo woufungata pamiyendo mpaka ku Lilongwe ndine. Amene akukayikabe abwere kwathu tisananyamuke adzautembenuze yekha: pansi pake padindika mapazi a tayala, ndipo ukauika kukhutu umamva mbuzi.