Mmene Ndinakanira Nyemba za Dona Felizarda

Ndikupempheni kuti musaseke, chifukwa nkhaniyi ndi ya utsogoleri, ndipo ine utsogoleri ndinaupitira kusukulu (ku univesidade ku Tete, mpaka ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti ndibwerere kunyumba ndikapume).

Patarawu, mwini wake wa ofisina ina yokonza makamyawu (malole akuluakulu aja) kufupi ndi Chipanga ku Moatize, atandiika kukhala shefi, ndiye kuti bwana wa amakanika, anandichenjeza: "Ukasokoneza anthu anga, ubwerera kudera la kwanu ku 25 de Setembro kukaothera dzuwa pakhonde la amayi ako." Ndinalumbira mumtima kuti ushefi umenewu sindiutaya. Ndikaweruka ndinkaonera pafoni mavidiyo a bambo wina wa jekete lothina, wophunzitsa kutsogolera anthu. Tsiku lina bamboyo anati mtsogoleri weniweni sagwira mbale anthu ake asanakhute. Ndinamva ngati wanditchula dzina.

Pa ofisinapo timadyera pamodzi masana. Amatiphikira Dona Felizarda, mayi wa ku Zobwe, kumenenso kumachokera amakanika ambiri (zoti ndi mlamu wake wa patarawu ndinazidziwa mochedwa). Mwambo wake ngwodziwika: madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu, akatapa iye ena onse amatsatira.

Madzi atafika kwa ine, ndinapinda manja.

"Yambani inu," ndinatero ndi mawu a muvidiyo.

A Zakariya, makanika wa imvi, anandiyang'anitsitsa. "A shefi, mukudwala?"

"Ayi, madala. Ndikutsogolera."

Palibe anatambasula dzanja. Iwo ankadikira ine, ine ndinkadikira iwo, ntchentche zokha ndizo sizinadikire munthu. Nthawi yopuma itatha tinabwerera kuntchito mimba zikulira.

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Koma bambo wa jekete anali atanena kale kuti chinthu chatsopano anthu amayamba achikana. Mawa lake ndinapindanso manja, ndipo kuti phunziro lilowe bwino, ndinalemba pa gulu lathu la Watsapu: "Chakudya ichi ine sindichigwira mpaka ndione inu mwadya." Ndinaikapo ndi chithunzi cha mkango.

Uthengawo unayenda. Pofika madzulo unali utakwera mapiri mpaka ku Zobwe, kwa akazi a amakanika, utasintha zovala panjira: shefi watsopano watulukira kuti m'nyemba za Dona Felizarda muli mankhwala, ndiye akufuna ena ayambe alawa. Tome, wowotcherera zitsulo, anakumbukira mwadzidzidzi kuti mwezi watha anatsekula m'mimba. M'mawa mwake aliyense anabwera ndi chinangwa chake m'thumba. Ine ndinanyadira: anthu anga ayamba kudzidalira.

Masana amenewo Dona Felizarda anatuluka ali ndi chipande m'manja.

"Iwe mwanawe, tabwera kuno."

"Mayi, ine ndi shefi..."

"Ine ndaphikira anthu mumsasa ku Malawi nthawi ya nkhondo, nkhuni zonyowa, mwana kumbuyo, palibe anafa. Lero iwe wa nsapato zosongoka undisandutse mfiti? Kutchalitchi kwathu amva kale!"

"Mayi, ndi njira yamakono yolemekezera antchito."

"Mlamu wanga akubwera madzulo ano. Kaya iwe kaya ine, wina anyamula katundu."

Apa ndinaona khonde la amayi anga likundikodola. Ndinaimirira ngati munthu wolandira mendulo, ndinati, "Bweretsani mbale."

Sanabweretse mbale. Anabweretsa beseni, mpunga ndi nyemba za ofisina yonse, nalikhazika pa thayala pakati pa bwalo. Amakanika anandizungulira. Tome anakweza foni kuti ajambule vidiyo.

Ndinadya. Ndinadya pakati, ndinadya pansi.

"Ndi m'mphepetemo, a shefi," anatero a Zakariya mwaulemu. "Mankhwala amakonda kubisala m'mphepete."

Ndinadya m'mphepete. Ndinamasula lamba (mwaulemerero, ndikuyang'ana kutali). Nditati tsopano bwerani tidye, Tome anati, "Tidikire kaye, a shefi, mwina mugwa." Ndinakhala padzuwa la Moatize, thukuta lili chuchuchu, anthu akulu ndevu akundiyang'ana ngati akudikira mvula. Sindinagwe. Dona Felizarda anangopukuta manja pa kapulana, chitenje chake, n'kulowa.

Patarawu anafika ataonera kale vidiyoyo. Anandizungulira, n'kugogoda mimba yanga ndi chala ngati akuyesa mpweya wa thayala. "Shefi wodya chonchi sindinamuonepo. Khala."

Ushefi ndikadali nawo. Koma mpaka lero mbale yanga imabwera yoyamba, ndipo palibe amatapa ndisanameze. Mu shapa, minibasi yathu ija, anthu osawadziwa amandipatsa moni kuti, "A m'mphepete, muli bwanji?"

Ndaphunzirapo kanthu: bambo wa jekete uja sanadyepo ndi anthu a ku Zobwe. Koma si kuti zonse amalakwitsa ayi. Sabata ino wanena kuti mtsogoleri weniweni amayendera antchito ake kumakomo kwawo osawauziratu. Malo mu shapa ya ku Zobwe ndasungitsa kale. A Zakariya angondilangiza kuti ndipite ndi lamba wamkulu.