Kwa Abu Nakhle Khofi Sankapsa

Madalaivala onse onyamula alendo okalawa vinyo m'chigwa cha Bekaa ankadziwa kuti kwa Abu Nakhle kunali kolowera, koma kotulukira kunalibe. Sikuti mkuluyu ankatsekera anthu ndi loko. Ankangowamana khofi basi. Kwathu kuno mlendo woleredwa bwino sanyamuka mwini nyumba asanamupatse khofi, chifukwa kakapu kameneka ndiko kamatsegula njira. Tsono ukangogwira m'mawondo kuti udzuke, Abu Nakhle ankaitana chakukhitchini kuti, "Hiyam, tatereka khofi, alendo akufuna kutithawa." Kenako ankakugwira pamkono. "Pamene khofi akupsa, tiyeni mukalawe kamgolo kamodzi kokha." Hiyam, mwana wawo wamkazi, ankadziwa bwino kuti mawu amenewo sakutanthauza kuti ayatse moto.

Anali munthu wamfupi, wamimba ngati migolo yawo yomwe, zikhatho zofiirira ndi mphesa chaka chonse. Munda wawo unali kothera msewu, pamwamba pa mudzi wa Ain Louz, ndipo vinyo ankamusunga m'phanga lozizira limene agogo awo anakumba m'phiri. Kumalo ena opangira vinyo, kwa anthu azikwangwani kuja, amakuthirira kadontho ngati mankhwala a m'maso, n'kukuikira kandowa koti ulavuliremo. Kwa Abu Nakhle kandowa kunalibe.

Tsiku lina mayi wina wa ku Beirut, wophunzira za vinyo kunja, anapezeka akuzungulira m'phangamo masaya ali tuu.

"Mayi, mwataya chiyani?" anafunsa Abu Nakhle.

Mayiyo analoza pakamwa pake.

"Mezani. Mphesa imeneyo ndinapirikitsira mbalame ine, ndinathyola ine, ndiye inu muilavule ngati mukutsuka mano?"

Anameza. Pofika pamgolo womaliza mayiyo anali atavula nsapato, akuwafotokozera Abu Nakhle za mwamuna wake woyamba.

Ansembe athu, Abuna Efrem, anapatukirako kukatenga vinyo wa Misa ali paulendo wokadalitsa ukwati. Anakafika kutchalitchi maluwa a mkwatibwi atafota, ndipo anthu amalumbira kuti anayamba ndi pemphero la maliro. Haji Kassem, dalaivala wa ku Baalbek amene salawa chakumwa choledzeretsa, ankayesa kuti iye ndi wopulumuka. Anamukhazika pansi ndi buledi ndi uchi wa mphesa, wa chaka chino, wa chaka chatha, wa chaka chimene kunagwa matalala, mpaka Haji anamasula lamba n'kupempha madzi ndi mawu a mwana. Ndipo ngati alendo ena opanda mwambo athawira kugalimoto osadikira khofi, ankapeza thirakitala itaima chopingasa pachipata. "Yafa batire," ankatero Abu Nakhle, nkhope ili yachisoni. "Bwererani mukhale pamthunzi, tiona chochita."

Madalaivala anzeru analeka kupitako. Anatsala ndi Wadih yekha, wa minibasi yoyera wa ku Zahle, munthu wadazi, wofatsa mopusitsa, amene anapitirira zaka makumi anayi asanakwatire. Alendo ake ankalipira kuti aone malo asanu, iwo n'kuona amodzi, ndipo ankamutukwana njira yonse yobwerera, amene anali maso. Iye ankangopirira. Pamene mkulu uja ankazunza alendo m'phanga, Wadih ankakhala kuseri kwa nyumba akupukuta matambula amene Hiyam ankatsuka.

Hiyam sanali wozungulira polankhula. "A Wadih, ine ndakulira pabeseni pano. Amayi anamwalira, mchimwene wanga anapita, ndinatsala ine ndi matambula. Ndikufuna nyumba yoti ndikatseka chitseko pasapezeke wogogoda kufuna azitona. Ndichotseni pano ndisanasanduke viniga."

"Nyumba ilipo, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Makatani ndagula kale."

"Ndiye mukudikira chiyani, kuti makataniwo adzabwere okha kudzandifunsira?"

Apa ndiye panagona vuto. Mwambo wofunsira mbeta kwathu umayenda ndi khofi. Akuchimuna akafika amawaikira makapu patsogolo, wamkulu wawo n'kunena kuti, "Khofi uyu sitimwa mpaka mutatipatsa chimene tadzera." Bambo wa mtsikana akalola amati, "Imwani khofi wanu," nkhani yatha. Popanda kapu patebulo palibe poyambira. Nanga ukakana kumwa chiyani?

Wadih anatenga amalume ake a Tanios, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anakonza mawu aatali okhala ndi ndakatulo mkati, ndi abale ena atatu ovala masuti. Anakhala pakhonde. A Tanios anakhosomola.

"Abu Nakhle, ife tabwera ndi nkhani."

"Nkhani pakhosi pouma? Hiyam, tatereka khofi. Inu tiyeni kaye kuphanga."

Dzuwa likupendeka, a Tanios anatuluka m'phangamo atanyamulidwa ndi anthu awiri, akuimba nyimbo ya kusukulu, taye ili kumsana. Ulendo wachiwiri anabwera atalumbira kuti salawa kanthu.

"Adokotala andiletsa."

"Dokotala wake uti? Wa pafupi ndi positi uja? Ameneyo anagona pampando mwakhalapowo, Pasaka wathayu. Gwirani tambula, aphunzitsi, musandichititse manyazi pamaso pa mwana wa mlongo wanu."

Wadih anabwerera kwawo ulendo umenewonso wopanda yankho. Anakhala m'nyumba mwake akuyang'ana makatani, mtima ukumuwawa zenizeni, chifukwa anazindikira kuti mkuluyo sakuiwala khofi ayi, akudziwa chimene akuchita. Sankafuna kukana, sankafunanso kulola, ndipo akanatha kuchita zimenezi mpaka onse atakalamba.

Ulendo wachitatu, Abu Nakhle atangoti, "Hiyam, tatereka khofi," chitseko cha khitchini chinatseguka. Hiyam anatuluka ndi thireyi, makapu akufuka nthunzi. Anali atatereka kalekale, atangomva minibasi ikukwera chitunda. Anaika kapu patsogolo pa aliyense osayang'ana bambo ake, n'kukaima pakhomo manja atapinda. A Tanios, pochita mantha kuti mwayi uwapulumuka, anataya ndakatulo zonse.

"Khofi uyu sitimwa mpaka mutatipatsa Hiyam."

Abu Nakhle anayang'ana makapuwo nthawi yaitali. Atayamba kulankhula, mawu awo anali ena, osati a m'phanga aja.

"Nonsenu mumanditchula Abu Nakhle, bambo wake wa Nakhle, tsiku ndi tsiku. Alipo mwa inu amene akukumbuka nkhope yake? Anakhala pamene pakhala Wadih apo, chikwama chili pambali. Akuti, 'Bambo, ku Brazil ndikangokhalako zaka ziwiri.' Khofi ndinamuthirira ndekha, ndi dzanja ili. Anamwa, anaimirira, anapita. Anamuika m'manda konko anthu amene sindikuwadziwa." Anapukuta m'maso ndi chikhatho chofiirira chija. "Amati mlendo ndi mame. Ine ndinaona kuti mwana nayenso ndi mame. Tsopano mukufuna ndinene ndi pakamwa panga kuti imwani."

Wadih anali munthu wa mtima wa mnofu, ndipo apa ndi pamene anadzikola yekha. Misozi ili m'maso, anaimirira osafunsa aliyense.

"Bambo, ine ndimwa, koma sindichoka. Hiyam sindipita naye kulikonse. Tikhala konkuno ndi inu."

Misozi ya mkulu uja inauma nthawi yomweyo. "Mwamva nonse? Aphunzitsi, mwamva? Wanena yekha, sindinamukakamize. Imwani khofi wanu."

Anthu anamwa, anapsompsonana m'masaya. Wadih anapita kuseri kwa nyumba akumwetulira ngati wachita chamuna, n'kupeza Hiyam ali pabeseni.

"Ndinakutumani kuti mudzanditulutse," anatero osatembenuka. "Inu mwalowa, mwadzitsekera nane limodzi, kiyi mwapatsa bambo. Gwirani nsalu, muzipukuta. Ntchito yanu ndi imeneyo mpaka kalekale."

Mawu onenedwa pamaso pa mboni, khofi ali patebulo, sabwezedwa. Wadih anakhala mkamwini, chinthu chimene anzake pasiteji ya ku Zahle sanamukhululukire. "Akubwera mkwatibwi wa ku Ain Louz," ankatero akamuona. Alendo ankawanyamulabe, koma tsopano amene ankatumidwa kukaimika thirakitala pachipata anali iyeyo, ndipo anaphunzira kunena kuti "yafa batire" osaphethira.

Nyumba ya ku Zahle sanaisiye. Ankapita kukatsegula mazenera kuti mulowe mphepo, n'kubwerera. Chaka chilichonse ankayesa.

"Bambo, timati tikakhaleko ku Zahle sabata imodzi yokha."

"Mupite, bwanji osapita? Tikangomaliza kudulira mipesa."

Akadulira, ankati adikire mphesa zipse. Zikapsa, akolole. Akakolola, vinyo awire kaye, nanga munthu angasiye vinyo akuwira ngati wasiya mwana akudwala? Vinyo akawira, nthawi yodulira inali itakwananso. Tisanamizane, inali ndende, ngakhale inali ndende ya chakudya chabwino. Imvi zinayamba kumera m'mutu mwa Hiyam ali pabeseni pomwe paja. Masiku ena Wadih ankawada apongozi akewo mpaka kulephera kuwayang'ana. Koma madzulo mkuluyo ankamuitana kuti, "Bwera kuno, mwana wanga, talawa uyu undiuze zoona," n'kumadikira yankho maso ali pa iye ngati palibenso munthu wina wodziwa vinyo m'chigwa chonse. Wadih ankalawa, ndipo mkwiyo unkapita osamutsanzika.

Abu Nakhle anamwalira nthawi yokolola, masana, ali pakati pa nkhani. Anali atakhazika alendo a ku Korea m'phanga, akuwafotokozera za chaka cha matalala chija. Anakhala pakampando, tambula ili m'manja, anati, "Tsono mvetserani chimene chinachitika," n'kutsinzina. Alendowo, anthu aulemu kwambiri, anadikira mwakachetechete pafupifupi ola lathunthu, poganiza kuti mkuluyo akukumbukira. Abuna Efrem anati pamaliro, "Ngakhale pochoka anasiya anthu atakhala pansi," ndipo tchalitchi chonse chinaseka, ena akulira.

Kuyambira pamenepo zinthu ku Ain Louz zimayenda pa nthawi yake, ndipo n'zosakoma. Munda anaubwereka msuweni wa Hiyam, mnyamata wa sukulu, amene anaika chikwangwani pamsewu ndi kandowa m'phanga. Alendo amafika, amanunkhiza, amalavula, amajambula zithunzi, n'kukwera galimoto injini isanazizire. Palibenso amene amachedwa ku ukwati. Madalaivala amafika kunyumba dzuwa likadalipo, opanda nkhani yoti akasimbe. Haji Kassem akuti anapitako kamodzi, anaima pabwalo, palibe anamufunsa ngati wadya, ndipo anabwerera.

Atatha mapemphero a masiku makumi anayi chimwalirire bambo ake, Hiyam analongedza. Sanatenge tambula ngakhale imodzi. Anaika zikwama m'minibasi, anakhala kutsogolo, chikwama chamanja chili pamiyendo, maso ali kumsewu. Analira bambo ake mokwanira, koma sanabise kuti akufuna kupita, ndipo palibe amene akanamudzudzula.

Wadih analiza injini, anatsetsereka pang'onopang'ono kudutsa khonde, kudutsa khomo la phanga. Chipata chinali chotsegula mbali zonse ziwiri, msewu wa ku Zahle uli poyera. Atafika pachipata penipeni anaponda buleki. Anakhala choncho, manja ali pachiwongolero, maso ali pagalasi loonera kumbuyo.

"Mwaiwala chiyani?" anafunsa Hiyam.

"Palibe."

"Nanga mukudikira ndani?"

Maso a Wadih sanachoke pagalasi lija. Hiyam anamuyang'ana, kenako nayenso anatembenuka kuyang'ana kunyumba. Anadikira onse awiri, injini ikulira, koma palibe amene anatuluka kudzawaletsa.