Tsiku Lomwe Ndinasokerera Apongozi Kuphiri la Michesi

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anavulala. Magazi sanatuluke, ukwati unachitika, ndipo ine ndikadali pabanja. Koma mukadzafika kumudzi kwathu kuno, kunsi kwa phiri la Michesi, n'kufunsa za bambo wina wosoka timitanda, anthu adzayamba aseka kaye asanakulozereni nyumba.

Ine ndine mkamwini. Kwathu n'kwa Mkhumba, koma ndimakhala pamudzi pa akazi anga, mayi a Tadala, ndipo khomo lathu linayang'anizana ndi la apongozi anga aakazi. Apongozi angawo ndi a mwambo wakale weniweni. Tikakumana panjira wina amapatuka, moni timapatsana titayang'ana kumbali, ndipo nkhani iliyonse imadzera mwa mwana wawo ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Tsiku lina anati, "Ukawauze bambo a Tadala kuti mbuzi yawo ikudya chinangwa changa," ine ndili chiimire pomwepo, chingwe cha mbuziyo chili m'manja.

Za timitandazi zinayamba chaka chomwe ndinagwa panjinga nditanyamula matumba a nandolo. Mwendo unathyoka, anandiika chikhakha, ndipo ndinkangokhala pakhonde kumakangana ndi nkhuku. Achemwali anga atabwera kudzandiona anandimvera chisoni, n'kundisiyira chiguduli, singano ndi ulusi womasula kujuzi yakale. Anandionetsa kasokedwe kake. Umatsatira timabowo ta nsalu, n'kumasoka kamtanda kamodzikamodzi, mpaka timitandato titaunjikana n'kupanga chithunzi. Ndinayamba monyinyirika, koma chikhakha chitachoka singano sinachoke m'manja. Kenaka ndinapeza nsalu yake yeniyeni yoyera ya timabowo, ndi kamkombero koikungira kuti isamakwinyike.

Musaganize kuti ndine katswiri ayi. M'chikwama changa munali tambala wopanda mchira amene anakhala akudikira ulusi wofiira kuyambira kalekale. Muli maluwa ophimbira mipando, awiri otha, lachitatu linaimira pa tsinde chifukwa mvula inagwa n'kuyamba kupalira. Ndimasoka ndikachoka kumunda, ndimasoka pamzere wa kuchigayo, ndimasoka poyang'anira mbuzi (mwamvetsa tsopano za chinangwa chija). Anzanga a pabawo anaseka mpaka anatopa. Zimenezo sizinkandikhudza. Chimene chinandilasa ndi mawu a apongozi tsiku lina atandipeza ndikulimbana ndi duwa: "Uwafunse bambo a Tadala ngati timaluwato timadyedwa." Ndinaseka nawo, koma mumtima zinandipweteka, chifukwa mayi amenewa ndimawalemekeza ndipo ndinkafuna azindiona ngati munthu wanzeru zake.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankayamikira ntchito yangayi: mlamu wanga Felesiya, chitsiriza cha apongozi. Felesiyayo anapeza mwamuna wogwira ntchito ku Limbe, ndipo zinadziwika kuti ukwati ukachitika adzapita kukakhala komweko. Kuno kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, choncho apongozi sankayembekezera kuti mwana wawo wamkazi angachoke pamudzi. Sanakane, koma anayamba kukhala chete, kumangosesa pabwalo posesedwa kale.

Tsiku lina Felesiya anakhala pambali panga n'kunena kuti, "Alamu, mundisokereko phiri lathuli. Ndizikaliona m'tauni ndikasowa kwathu."

"Phiri lokha? Ndiikaponso mtengo wa mango ndi nyumba ya amayi," ndinatero ine, pakamwa pakuthamanga kuposa manja.

Ndinayamba titangokolola chimanga. Phiri linadya ulusi wobiriwira ndi wotuwa osati masewera. Nditafika pakati ndinaona kuti ndinaphonya mzere umodzi kumunsi, moti Michesi anapendekeka ngati akufuna kugwera ku Mozambique. Ndinasomola mbali yonseyo n'kuyambiranso. Nkhuku inadzapondapo ndi mapazi amatope, ndinachapa. Kenaka nandolo anauma, ndipo nandolo sadikira munthu. M'mawa wa tsiku la ukwati phiri linali litatha, mtengo wa mango utatha, koma nyumba ya apongozi inali ndi makoma okha, yopanda denga ndi chitseko.

"Mukamalizira kuti?" anafunsa mayi a Tadala.

"M'lole, popita kuukwati," ndinayankha molimba mtima.

Ukwati unkakadalitsidwira kutchalitchi chachikulu kuboma, ndipo abale anapeza lole yoti itinyamule tonse. Apa mumvetse bwino. Amayi onse a kuchikazi anali atavala nsalu imodzimodzi ya ukwati, yachikasu ya maluwa abuluu. Akazi anga, azakhali awo, apongozi, onse chimodzimodzi. Mulolemo munali miphika, nkhuni, mabenchi, matumba a mpunga ndi kwaya yonse. Apongozi anapatsidwa malo aulemu kutsogolo kwa adalaivala. Ine ndinadzipanikiza pakona, pathumba la mpunga, ndipo nditatsegula chikwama ndinapeza kuti kamkombero kaja ndakaiwala pakhonde. Ndinangoti palibe kanthu, ndikungira pabondo. Mayi a Tadala, amene anakhala pafupi nane, anayala nsonga ya chitenje chawo pabondo langa kuti nsalu yoyera ija isade ndi fumbi la thalauzi.

Lole ikuyenda sindinasoke kanthu, ndinangodzibaya zala. Koma tili pakati pa ulendo tayala linaphulika. Anthu onse anadandaula, ine ndekha mumtima ndinathokoza (Mulungu andikhululukire). Ndinaweramitsa mutu n'kuyamba denga.

Munthu ukalowa m'timitanda sumva za dziko. Sindinaone kuti mayi a Tadala atsika kukathandiza kumanganso miphika imene inagubuduzika. Sindinaonenso kuti apongozi, atatopa ndi kutentha komanso fungo la dizilo kutsogolo kuja, apempha kukwera kumbuyo, ndipo amayi ena awakhazika pathumba lomwelo, atandifulatira monga mwa ulemu. Chimene ndinaona n'chakuti chitenje chija chachoka pabondo langa. Ndinapapasa osayang'ana, ndinapeza nsonga yachikasu ya maluwa abuluu, ndinaikoka n'kuiyala pabondo. Inalimba pang'ono, ndiye ndinakokanso mwamphamvu.

Singano inayamba kulemera. Ndinati yabuntha basi, n'kumakankha ndi chikhadabo. Mwini chitenje anasuntha pang'ono, ine n'kuphonya bowo. Anasunthanso. Apa ndiye ndinachita chinthu chimene ndikachikumbukira ndimatuluka thukuta mpaka lero. Ndinawagunda ndi chigongono, n'kunena mokalipa, "Tangokhalani phee inu! Matakowo ali ndi nyerere kodi?"

Sanayankhe. Anangokhala phee monga ndinalamulira. Ndinamva amayi ena akutsokomola modabwitsa, kwaya inasiya nyimbo pakati, koma ine ndinati ndi fumbi. Mumtima ndinkayamikira kuti lero mayi a Tadala andimvera popanda kubweza mawu, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiranireni.

Tayala linakonzedwa, tinanyamuka, ndipo pamene lole inkaima pabwalo la tchalitchi ine ndinali ndikumaliza kamtanda kotsiriza ka chitseko. Ndinadzutsa mutu monyadira kuti ndiwaonetse akazi anga. Ndinawaona ndithu. Anali mbali ina ya lole, pafupi ndi miphika, akundiyang'ana atagwira pakamwa, chitenje chawo chili bwinobwino m'chiuno mwawo.

Ndinayang'ana pabondo panga. Ndinayesa kunyamula phiri, chitenje chinanyamuka nalo. Ndinacheuka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona duku limene ndimalidziwa bwino, duku limene ndakhala ndikulipatukira panjira zaka zonsezi.

Nthawi yomweyo apongozi anaimirira kuti atsike. Phiri linawatsatira. Mwina mukuti bwanji sindinangolisiya. Pansi m'lolemo munali makala, mafuta otayika ndi zitosi za nkhuku, komanso singano inali ikulendewerabe kuulusi, pafupi ndi miyendo ya apongozi. Choncho ndinagwiritsa nsalu yanga n'kuwatsatira chowerama. Iwo phazi, ine phazi. Anaima, ine ndinaima.

"Iwe," anaitana mwana wawo, mawu ali pansipansi, "tawafunsa bambo a Tadala akundilondola chifukwa chiyani."

Mayi a Tadala sanathe kufunsa. Anali atakhala pa mphika, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Ndinayankha ndekha, ndikuyang'ana tayala la lole. "Muwauze amayi kuti pepani, ndawasokerera."

Kutsika kwake musafunse. Anyamata anawagwira apongozi manja, ine ndili pambuyo nditatambasula mikono ngati wonyamula chovala cha mkwatibwi. Titafika pansi amayi ena anatizungulira, aliyense ndi nzeru zake. Azakhali ena anasolola lezala pa duku n'kunena kuti, "Tingodula chitenjechi mozungulira, basi."

"Mayi wa mkwatibwi alowe m'tchalitchi ndi chibowo kumbuyo?" anatero ena. "Nsaluyinso inatha m'sitolo, ina tiipeza kuti?"

"Ndiye asomole ulusiwo."

Ndinayang'ana denga lija ndi chitseko chija. Timitanda tinali titalowa mothinana, tonse titaluma chitenje. Kusomola kunali kugwetsa nyumba yonse, ndipo belu linali litayamba kulira. Felesiya akanalandira phiri lokhala ndi bwinja kunsi kwake. Koma nanga ndikanatani? Ndinauza akazi anga kuti, "Muwauze amayi angoima pang'ono, ndisomola. Ndalakwa ndine."

Apongozi anakokera nsonga ija kutsogolo kuti aone chimene chawagwira. Aka kanali koyamba kuti ayang'anitsitse ntchito yanga. Anayendetsa chala paphiri, anatsikira pamtengo wa mango, n'kuima panyumba.

"Iyi ndi nyumba yanga?" anafunsa mwana wawo.

"Ndi yanu, amayi."

Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ine, m'maso mwenimweni.

"Bambo, chitsekochi mwachisoka chotsekula."

"Eya, amayi. Ndimati Felesiya akamachiona azidziwa kuti..."

"Bwezani lezalalo," anatero apongozi kwa azakhali aja. "Pano sipadulidwa kanthu, sipasomoledwa kanthu." Anaweramira ulusi wa singano n'kuudula ndi mano, anandipatsa singano yanga m'manja, anapinda phiri lija bwinobwino n'kulitsomeka m'chiuno. Analowa m'tchalitchi ali ndi chotupa chambali, mutu uli m'mwamba.

Mapemphero anayenda bwino. Koma kumadyerero, ataitana mayi wa mkwatibwi kuti avine, chiuno chinagwira ntchito yake ndipo phiri linasomoka. Michesi yense, ndi mango ake, ankakupiza kumbuyo kwa apongozi anga pamaso pa anthu a ku Limbe. Ine ndinafuna kulowa pansi pa benchi. Iwo sanalibweze. Anagwira nsonga ija ndi manja awiri, n'kumazungulira nayo holo yonse kuti aliyense aone, nthungululu zili wawawa. Nditamva akuuza mayi wina wa kuchimuna kuti, "Wasoka ndi mkamwini wanga ameneyu, uyo wabisala apoyo," ndinayang'ana kudenga kuti misozi isatsike.

Atafika pamene panakhala akwati, anamasula chitenje chonse (musaope, mkati anali ndi diresi) n'kuchiika m'manja mwa Felesiya pamodzi ndi phiri lake. Anati, "Tenga, mwana wanga. Nyumbayi akusokera alamu ako, ndipo pansi pake pali nsalu ya amako. Usadzazilekanitse." Felesiya analira mpaka zopakapaka za kumaso zinasungunuka, ndipo apongozi, amene anali asanalire chiyambire nkhani ya ukwatiyi, analira naye.

Ndinapitako ku Limbe chaka chatha. Nsaluyo ili pakhoma pabalaza, chitenje chachikasu chikulendewera kumbuyo kwake. Alendo akafunsa, Felesiya amafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za nyerere zija.

Kunyumba kuno mwambo ukadalipo, panjira timapatukiranabe. Kungoti masiku ano ndikatulutsa singano pakhonde, apongozi amakwinya chitenje chawo n'kuchipanira m'miyendo, ngakhale ali kutsidya kwa bwalo. Ine ndinalumbira kuti sindidzasokanso osayang'ana chimene chili pansi pa nsalu, ndipo ndinasunga lumbirolo kwa nthawi ndithu.

Sabata yatha ndinapeza ulusi wofiira, ndipo ndinakhala pansi kuti tambala uja apate mchira wake. Kamkombero ana anali atakasandutsa chiwongolero cha galimoto, ndiye ndinakungira pabondo. Mchira unatuluka wokongola kwabasi. Nditaimirira, tambala anaimirira nane, ali kakaka pathalauzi langa lopitira kutchalitchi. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina palibe waona. Apongozi anali pakhomo pawo akusenda chinangwa, ndipo sanaitane mwana wawo kuti awanenere.

"Bambo a Tadala," anatero osasiya kusenda, "nanga thalauzilo tikapereka paukwati wa ndani?"