Msamuko wa a Dyson Kaliati ndi Tonde Wawo

Tcherani khutu, inu a m'tsinde mwa Michesi, ndi inu opalasa njinga za mpunga kuchokera ku Chilwa, pakuti ndikusimba za masiku amene mitu ya anthu inaweramira mafoni ngati mapira okhwima, masiku amene ulemu wa munthu unkayezedwa ndi zala zimene anzake amukwezera pa Fesibuku.

M'masiku amenewo ku Mkhumba kunali a Dyson Kaliati, ometa tsitsi, Mkango wa Lumo, Mgwetsandevu, Iwo Amene Ngakhale Ahedi Amawaweramira. Ngwaziyi inali ndi tonde, ndipo m'mawa uliwonse inkamujambula n'kuika chithunzi pa gulu la pa Fesibuku la Ana a ku Mkhumba, pamene anthu amalengezapo maliro, maukwati ndi kubwera kwa ogula nandolo. Tonde akudya, tonde akuyetsemula, tonde chakumbuyo.

Wolamulira gululo anali mayi Lenia Sitima, ogulitsa matemba, Mfumukazi ya Chala Chofufuta. Tsiku lina, ataona kuti uthenga wa ukwati wa mwana wawo wakwiririka pansi pa ndevu za mbuzi, anafufuta zithunzi zonse.

Dziko linagwedezeka, makamaka benchi ya m'babashopu. A Dyson anakwera pa kreti, lumo lili m'mwamba, kasitomala atametedwa mbali imodzi.

"Abale anga! Kodi tinabadwira ukapolo? Lero afufuta tonde, mawa afufuta inu! Mphunzitsi wa sayansi wandiuza kuti pa intaneti pali mabwalo ena opanda mwini mmodzi, kumene aliyense amamanga mudzi wake, midziyo n'kumalankhulana. Nyamukani, tituluke mu Iguputo!"

"Malizani kaye mutuwu, akulu," anatero kasitomala.

Ndipo khamu lalikulu linanyamuka: akazi awo a Mervis, amene sanafunsidwe n'komwe, ndi alamu awo a Lekani, amene ankatchajitsa foni m'babashopumo. Mphunzitsi uja anawamangira mudziwo pa laputopu yakale yomanga ndi mphira, nautcha Dziko la Ufulu, koma iye mwini sanalowemo, ati ali ndi mayeso oti achonge.

Ha, kuzuna kwa ufulu! Tonde ankaonekera m'mawa, masana ndi madzulo popanda womuletsa. Mzungu wina wakutali atayankha m'chinenero chosamveka, a Dyson analengeza kuti mayiko akunja awazindikira.

Kenaka a Lekani analemba mawu oukira boma: "Alamu, mbuziyi yaonda."

Mpulumutsi wa oponderezedwa, amene analumbira kuti sadzatseka munthu pakamwa, anawapirikitsa thobwa lisanazizire. A Lekani anakamanga mudzi wawo, Ufulu Weniweni, m'mene ankadzipatsa okha moni n'kudziyankha. A Mervis anabwerera ku Iguputo mwakachetechete, napita ku Chilwa kukathandiza achemwali awo kudula mpunga. Makasitomala nawo, potopa ndi ulaliki wa ufulu, anasamutsira mitu yawo pansi pa mtengo wa mango kumsika.

M'menemo ndi m'mene a Samuel a ku Kaduya, ankhoswe a banja la a Dyson, anamwalira. Uthenga unaikidwa pa gulu la mayi Sitima lija. Mkhumba yense anakwera njinga, a Mervis anathamanga kuchokera kudambo poganiza kuti amuna awo atsogola kale, pamene Mkango wa Lumo unali kuseri kwa khola kufunafuna mbali yonenepa ya tonde.

Atamva mawa lake kumsika, a Dyson anafika ku Kaduya thukuta lili kamukamu, adzukulu atatsuka kale makasu. Apongozi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwachita bwino kubwera, a Kaliati. Maliro taika dzulo, koma kumeta kulipo. Lumo mwatenga?"

Anamfedwa anaseka misozi ili m'maso. Ngwazi inakhala pansi, pafumbi penipeni, n'kumakanda mwendo umene sunali kuyabwa.

"Bambo a Shakira," anatero a Mervis pobwerera, "mawa mukapepese kwa mayi Sitima. Apo ayi, nkhani za m'banja muno muzikambirana ndi mzungu wanu uja."

Motero mitundu iwiri inakumana pa benchi ya matemba, ntchentche zikuchitira umboni.

"Sindinagonje!" anafuula a Dyson. "Ndabwera ngati mtsogoleri wa dziko loima palokha!"

"Mwamveka, a pulezidenti. Mbuzi izioneka Loweruka lokha, ndiponso chakumaso," anatero mayi Sitima, uku akupimira munthu matemba.

Mtendere unakondwereredwa ndi mbale ya kalongonda ndi chigubu cha thobwa. Amayi anaimba nthungululu, wa kabaza wina analiza belu, ndipo a Lekani, atakhululukidwa mlandu woukira, anapatsidwa ulemu wojambula kugwirana chanza kwa akuluakuluwo. Chithunzicho chinatuluka mayi Sitima akumwetulira, matemba akunyezimira, koma a Dyson atadulidwa mutu.

Mkhumba yense anachikwezera zala, ena n'kulemba kuti a Kaliati sanaonekepo bwino chotere chibadwire. Ngwazi inayang'ana foni nthawi yaitali, kenaka nayo n'kukweza chala.